Nyimbo Imene Gray Anaitola Kubafa

"Gray, nyimbo imeneyo usakaiyimbe kwawo kwa Sophia. Ili ndi chiuno."

Anatero agogo a Vainess ataima pakhomo la kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. Mdzukulu wawoyo anali pa sinki akutsuka kapu, nyimbo ili pakamwa, yunifolomu ya kuntchito asanavule n'komwe. Atamva mawuwo anaseka mpaka kutsamira firiji.

"Chiuno, agogo? Nyimbo ya amonke? Anthu amene ankagona pamiyala, osadya nyama, mkazi osamuyang'ana n'komwe?"

"Kumene ankagona ine sindikudziwako. Ndikuona phazi lakolo."

Gray anayang'ana pansi. Phazi linali likugunda lokha pa matailosi. Analiimitsa, n'kusekanso.

Vuto linali lakuti agogo a Vainess ankachenjeza za chilichonse. Chibwerereni ku South Bend, ku Amereka, kudzalera ana a Belinda, mchemwali wake wa Gray, pakamwa pawo sipanapume. Osaima kutsogolo kwa maikulowevu ikamazungulira. Osayankha moni wa munthu woyenda ndi galu wopanda chingwe. Agologolo a kuno ndi onenepa mosayenera ndipo amayang'ana munthu m'maso, mwana asasewere pafupi nawo. Mtsinje wodutsa m'tauni uja ndi wodekha kwambiri, ndipo madzi odekha ndi amene amameza anthu. Ana a Belinda ankamva Chichewa chonsecho, n'kuyankha m'Chingerezi kuti chabwino agogo, kenako n'kukachita zomwe aletsedwazo. Machenjezo awo anasanduka ngati phokoso la hita m'nyengo yozizira: umalimva tsiku loyamba lokha. Ndipotu poopsa ndi pamenepa. Munthu wochenjeza tsiku ndi tsiku, tsiku limene waona njoka yeniyeni mawu ake amamveka chimodzimodzi ndi dzulo.

Gray ankagwira ntchito kunyumba ina yosungirako okalamba, chakumpoto kwa tauni. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza ogona. Kumeneko kunali mkulu wina wachizungu, wamtali ngati nsungwi, dzina lake a Leonard, amene moyo wawo wonse anaphunzitsa nyimbo zamakedzana za ku Ulaya. Mutu wawo unali utayamba kutaya katundu. Mayina a ana awo anapita, njira ya kuchimbudzi inapita, koma nyimbo zinatsala zonse, imodzi yosasowa. Madzi ankawaopa ngati mphaka, ndipo antchito awiri anali atakandidwa kale kumaso. Gray yekha ndiye anatulukira njira: akawabwezera nyimbo imene iwo ayamba, mkuluyo ankadzuka yekha n'kumutsatira mpaka kubafa.

Nyimbo zawo zinali zamitundu iwiri. Zina ankayimba masana atakhala pazenera, zokwera pang'onopang'ono ngati utsi wa lubani, zopanda ng'oma, zopanda poombera m'manja, liwu limodzi kulikoka mpaka mpweya kutha. Tsiku limene mutu watseguka ankamuuza Gray kuti amonke akale ankayimba zimenezi usana ndi usiku, gulu lonse ngati pakamwa pamodzi, palibe wa alito, palibe wa besi, palibe wofuna kuti amveke yekha. Ankamuonetsanso chibuku chachikulu chokhala ndi timabokosi takuda tokwera ndi kutsika pamizere inayi. Zimenezo Gray ankangogwirako zidutswa, pakuti zinalibe pogwira. Koma ya kubafa ija anaidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira, chifukwa tsiku lililonse losamba ankaiyimba awiri, mkuluyo akumenya madzi ndi chikhatho, akuseka mpaka kutsokomola.

Agogo a Vainess kusukulu sanapondeko, koma makutu awo Chilatini ankachidziwa. Anakulira ku Bembeke nthawi imene wansembe ankafulatira anthu n'kumalankhula ndi Mulungu m'chilankhulo chimenecho, mtsikana aliyense atagwada pa simenti mpaka maondo kuchita zikang'a.

"Kanjira ka kayimbidwe kake ndikukadziwa," anatero tsiku limenelo. "Tinkayimba ya Amayi Maria yoyenda chomwecho."

"Mwaona! Ndiye mukuvutiranji? Ndi ya tchalitchi!"

"Chitenje n'chomwecho, koma wavala ndi wina. Mawu si amenewo. Ndamvetsera masiku onsewa ukuyimba, Maria mulibe, Amen mulibe. Ndiponso tandiuza, munthu amapemphera ali chibadwire, sopo ali m'khwapa, mano onse pamtunda?"

"Ndinawafunsa, agogo. Ndinati, kodi ndi yoyera? Anati yoyera kwambiri."

"Akuseka?"

"Iwo amaseka chilichonse."

"Munthu woiwala dzina la mwana wake ndiye mboni yako?"

Gray anapachika kapu, n'kuwagwira paphewa agogo akewo ngati akutonthoza mwana. Zimenezi zinkawanyansa kuposa kutukwanidwa.

Nkhani yake inali iyi. Gray ankafuna kukwatira Sophia, nesi wa ku Indianapolis, amene ankakhala ku Beech Grove ndi mayi ake aang'ono, a Lucia. Mayi ake omubereka anamwalira chaka chapitacho asanavomere. Nthawi zonse ankati dikirani, mnyamata wolowa m'tchalitchi pa Khirisimasi ndi pamaliro pokha ine sindinamumvetse. Tsopano mwini mbumba anali malume ake a Sophia, Bambo Sosten, wansembe amene anaphunzira ku Roma. Iwowa anali akubwera kuchokera kumudzi kudzachita Misa ya chikumbutso m'nyumba mwa a Lucia, ndipo Misa ikatha ndi pamene adzakhale pansi ndi a kwawo kwa Gray. Sophia anali atanena poyera:

"Malume akati ayi, basi. Sindingalumphe mawu a anthu awiri, wamoyo ndi wakufa."

Ndiye Gray anaganiza: munthu amene anakhala ku Roma ungamugwire mtima ndi chiyani, kuposa kumuyimbira m'chilankhulo cha ku Roma komweko?

Masabata amene anatsalawo agogo a Vainess sanakhazikike. Akakhala pampando, kudzuka. Akaima pazenera, kubwerera kukhitchini kukapukuta mbale zouma kale. Kolona inkayenda m'manja koma mtima uli pa nyimbo ija. Anamutsekereza Belinda pamasitepe akuchokera ku shifiti, maso ali psuu ndi tulo.

"Iwe, mchimwene wako akupita kukagwa m'dzenje."

"Agogo, musiyeni. Chilatini chonse n'cha tchalitchi. Inu munamvapo munthu akutukwana m'Chilatini?"

"Ansembe aja ankati akapsa mtima ndi wophika wawo, ukuganiza ankalankhula chiyani?"

"Agogo, ndikufuna kugona."

Anabwerera kwa Gray. Anati apite kwa wansembe wa paparishi pomwepo, akamuyimbire kaye, amve kuti akuti chiyani. Gray anati ali pa dabo shifiti, usana ndi usiku, sabata yonse. Anati nanga makompyuta anu aja amene amadziwa zonse? Gray anati mawuwo anawatenga ndi khutu, kuwalemba sangathe, ndiye angafunse bwanji chinthu chimene sangachitaipe. Anati yimba ya Chichewa, zilipo zambiri zoliza ndi mwala womwe.

"Za Chichewa malume amamva tsiku lililonse. Ndikufuna adziwe kuti ndinavutikira."

"Safunsa anadya phula, Gray."

"Chabwino, chiuno chikukuvutanicho ndichichotsa. Tamverani."

Anaima pakati pa balaza, manja kutsogolo, n'kuiyimba mochedwa, liwu lililonse kulikoka monga a Leonard ankachitira pazenera. Phazi silinagwedezeke. Gray mawu anali nawo, okhuthala, ochokera pansi pa chifuwa, ndipo nyimboyo itachedwetsedwa inamveka ngati pemphero ndithu. Belinda anatuluka kuchipinda n'kuima chilili, dzanja pakamwa. Ana anasiya katuni.

Agogo a Vainess anachita mantha kuposa kale. Wakuba wovala nsanza galu amamuuwa. Woopsa ndi amene wavala mkanjo.

Kuyambira tsikulo Gray ankapulakatisa paliponse: m'galimoto, pamasitepe, potaya zinyalala. Agogo ankamutsatira ndi makutu, akusakasaka liwu limodzi lokha lodziwika loti awakhazike mtima pansi. Silinapezeke. M'malo mwake anazindikira kuti pa ndime yomaliza pali malo ena pamene mnyamatayo amamwetulira osadziwa, kumwetulira kobwereka, kotengera kwa mwini nyimbo.

"Pamenepo a Leonard amatani?"

"Pati?"

"Pamene wasekererapo."

"Aa, amakweza dzanja chonchi, ngati agwira kapu."

"Kapu ya chiyani?"

"Ya Misa, agogo! Kalisi! Inu mwatani kodi?"

Tsiku linafika, Loweruka la mu Novembala, kumwamba kuli ngati phulusa. Belinda sanapeze womulowera ntchito, choncho m'galimoto munali awiri okha. Msewu wopita kumwera ndi wautali, wowongoka, mbali zonse minda ya chimanga chokololedwa kale, mapesi ali mbwee, popanda ndi munthu mmodzi yemwe wotola zotsala. Agogo anachenjeza za mathiraki, za mlatho, za wapolisi amene anabisala kuseri kwa chikwangwani. Gray ankangoti ee, ee, akung'ung'udza nyimbo yake.

Atalowa mu Indianapolis anaima kaye pa Lafayette Road, pa sitolo ya anthu a ku Afirika, chifukwa kwa apongozi sulowa manja ali lende. Anagula thumba la mpunga, mafuta, ndi nsomba zouma. Gray akuika katundu kubuti, agogo anamugwira mkono wa jekete.

"Mwana wa mwana wanga, ndikugwadire pano pa tala? Usayimbe. Kakhale chete, kalandire madalitso, akakufunsa za ntchito ukayankhe. Mkazi sakwatiridwa ndi nyimbo."

Gray anatseka buti mwamphamvu.

"Agogo, munandichenjeza za maikulowevu, ndili moyo. Munandichenjeza za agologolo, sanandidye. Mtsinje uja ndimauwoloka kawiri pa tsiku. Lero lokha, chonde, ndisiyeni ndichite chinthu changa."

Agogo analowa m'galimoto, n'kumanga lamba, kolona kuifinya mpaka mtanda kudinda m'chikhatho.

Ku Beech Grove magalimoto anali atadzaza kamsewu konse. M'nyumba mwa a Lucia anachotsa masofa n'kuika mipando yopinda. Amayi anamanga zitenje pamwamba pa majinzi, abambo anaima kukhoma majekete ali m'manja, ana anathamangitsidwira kubesimenti, chipinda cha kunsi kwa nyumba. Kutsogolo kunali tebulo lofundidwa nsalu yoyera, makandulo awiri, ndi chithunzi chachikulu cha malemu, atavala duku la buluu, akuyang'ana aliyense wolowa ndi diso lomwe lija la dikirani.

Bambo Sosten anali munthu wamfupi, wa magalasi, wa mawu ofatsa. Anawalandira agogo a Vainess ndi manja awiri, ndipo atamva kuti kwawo ndi ku Bembeke anafunsa ngati kukuzizirabe kuposa kuno. Anthu anaseka. Gray anagwada powapatsa moni, iwo n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiwe wake uja? Dzuka, maondo uwasungire Misa."

Misa inayenda bwino. Anthu atalandira, Sophia anaimirira n'kunena mwamanyazi kuti pali mphatso yaing'ono ya malemu mayi ake. Gray anapita kutsogolo. Anaima pafupi ndi chithunzi, n'kupuma kamodzi.

Zoona zinenedwe, anayimba. M'nyumbamo munalibe amene anamvapo zoterozo: munthu mmodzi, wopanda ng'oma, wopanda womuvomera, mawu akukwera n'kutsika ngati mbalame yosafuna kutera. Amayi anayamba kufwenthera. A Lucia anatsika pampando n'kugwada. Mafoni anakwera m'mwamba. Sophia misozi inali ikutsika osaipukuta.

Agogo a Vainess sanayang'ane mdzukulu wawo. Maso awo anali pa wansembe.

Nyimbo itangoyamba, Bambo Sosten anatsinzina, mutu ukuvomera. Kanjirako ankakadziwa. Pasanapite nthawi maso anatseguka. Anapendeketsa khutu. Pa ndime yachiwiri anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya chala, chinthu chimene chimangowonjezera litsiro. Pa ndime yomaliza, pamalo paja, Gray anamwetulira kumwetulira kwake kobwereka, akuyang'ana chithunzi cha malemu. Wansembe anayang'ananso chithunzicho, kenako pansi.

"Amen!" inatero nyumba yonse. Pakamwa pawiri pokha, pa agogo ndi pa wansembe, ndi pamene sipanatseguke.

Dalitso lomaliza litaperekedwa, a Lucia anadzuka akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Achimwene, pepani, Bambo, timasulireni pempheroli. Mtima wanga wamva, koma makutu nawonso akufuna adyeko."

"Tidye kaye, Lucia. Anthu achokera kutali."

"Iyayi, chakudya sichithawa. Kumudzinso akufunsa. Ndatumiza kale vidiyo yake pa gulu la banja pafoni, ndi kwa anzanu aja a kuseminale, aone kuti kunonso kuli akamwini odziwa Chilatini."

"Watumiza?"

"Yonse. Inunso mukuoneka bwinobwino, mutavala."

Bambo Sosten anabwezera magalasi kumaso pang'onopang'ono. Kenako anamukodola Gray.

"Mwana wanga, mawu uli nawo, Mulungu anakupatsa. Tandiuza chinthu chimodzi. Zimene wayimbazi, tanthauzo lake ukulidziwa?"

Khomo lothawira linali limenelo, lotsegula ndithu. Agogo a Vainess analiona. Anatsokomola. Anatsokomolanso. Ananong'ona mokweza moti mzere wonse unamva: "Nena zoona, iwe!" Koma Gray anali akuyang'ana Sophia, nkhope yake yonyowa, yonyadira, ndi amayi onse aja amene anali atangomulirira.

"Inde, Bambo. Ndi pemphero lopempherera mayi amene watisiya. Ndinaisankha dala chifukwa cha mawu ake."

Agogo anagwira mutu ndi manja awiri.

"Dala," anabwereza wansembe. "Chabwino. Khalani pansi nonse."

Anthu anakhala. Gray anatsala chiimire.

"Nyimbo imeneyi ili ndi eni ake awiri. Kanjira kake n'ka tchalitchi, ka Amayi Maria, kakalekale. Koma masiku amenewo ku Ulaya kunali anyamata asukulu oyendayenda, lero tauni iyi, mawa ina, kufunafuna mphunzitsi ndi chakudya. Chilatini ankachilankhula monga ife tilankhulira Chichewa. M'mawa ankayimba m'tchalitchi. Madzulo ankanyamula nyimbo yomweyo kupita nayo kumowa, kukaivula mawu ake n'kuiveka awo. Amene tamva lerowa ndi a anyamata amenewo."

"Akuti chiyani?" anafunsa a Lucia, mawu atauma.

"Lucia, zina n'zosafunika."

"Ndagwada ine, achimwene. Ndiuzeni chimene ndagwadira."

Wansembe anapuma mozama.

"Poyamba mnyamata akudzitama kuti tauni iliyonse imene msewu ukudutsa ali ndi mtsikana womutsegulira zenera. Kenako akuti ukwati ndi wa munthu amene miyendo yatha ntchito. Kumapeto akunena za mtsikana wina amene mayi ake ankakhala pakhomo ndi ndodo, kumukaniza kulowa. Akuti tsopano mayiyo amunyamula kupita naye kumanda. Lizani mabelu, khomo latseguka, thirani vinyo, tikweze makapu."

Kubesimenti ana ankamveka akuthamangitsana. Bambo wina kukhoma anayamba kuseka, n'kusandutsa chifuwa, mkazi wake atamuponda. Mafoni anatsika limodzilimodzi.

"Bambo, sindimadziwa!" Mawu a Gray anatuluka ang'onoang'ono, osafanana ndi amene anayimba aja. "Ndikulumbira. Ndinaitenga kwa mkulu wina kuntchito, wodwala mutu. Sindimadziwa liwu ndi limodzi lomwe."

"Ndiye tisankhe chiti? Ngati umadziwa, watukwana manda a mlongo wanga pa Misa yake. Ngati sumadziwa, wandinamiza ine ndili chivalire, pamaso pa anthu onsewa. Ukanangoti sindikudziwa, Bambo, ndinangoikonda, bwenzi ndakutengera panja, ndakunong'oneza, taseka awiri. Nane ndinali mnyamata ku Roma, zoterezi ndinazimva, zina zoposa pamenepa. N'chifukwa chake ndinakufunsa kaye."

Agogo a Vainess anadzuka, maondo akulira, n'kudzigwetsa pansi patsogolo pa tebulo.

"Bambo, mwanayu ndi wopusa, si woipa. Ndamulera ndine. Amasambitsa nkhalamba za eni ake ngati makolo ake. Mumukhululukire."

Wansembe anawerama n'kuwadzutsa.

"Amayi, musagwade, ndinu akulu kwa ine. Kukhululuka ndakhululuka kale, imeneyo ndi ntchito yanga. Koma kupereka mbumba ndi nkhani ina. Munthu wosafunsa, amenenso akapanikizika amathawira ku bodza, ndimupatse mwana wa malemu lero lomwe lino? Lero sitikamba kanthu."

Sophia anali ataima kale pamasitepe opita kuchipinda cham'mwamba. Gray anapita pansi pa masitepewo.

"Sofi, ukundidziwa. Ukudziwa kuti sindingachite dala."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Unawayang'ana, Gray. Unayang'ana chithunzi chawo, ukumwetulira. Ine ndinaona ngati ukuwalonjeza kuti udzandisamala. Pakhomo ankakhaladi. Tonse tikudziwa kuti ankakhala pakhomo chifukwa cha iwe."

Anakwera. Chitseko sichinamenyedwe, chinangotsekedwa bwinobwino, ndipo agogo anadziwa kuti kutseka koteroko n'koipa kuposa kumenya.

Foni ya a Lucia inayamba kulira. Kumudzi. Inasiya, n'kuyambanso. A Lucia anaiyang'ana ngati chinkhanira, n'kuivundikira ndi kushoni. Amayi analowa kukhitchini kukatsegula mapoto, aliyense akuyesetsa kusayang'ana mnzake. Palibe anawathamangitsa alendo a ku South Bend, komanso palibe anawauza kuti khalani mudye. Mpunga ndi nsomba zija zinatsala pakhomo, pafupi ndi nsapato za anthu.

Pobwerera agogo sanachenjeze za mathiraki. Mawu oti ndinakuuza anafika pakhosi kangapo, anawameza. Atadutsa Kokomo, Gray analankhula osatembenuka.

"Ndikawarekoda a Leonard. Anene okha kuti anandiphunzitsa ndi iwo, kuti anati ndi yoyera. Malume akaona amvetsa."

"Malume amvetsa kale. Sichimene chatsala."

Anakawarekodabe Lolemba. Mkuluyo ataona foni anasangalala, anakhala tsonga pabedi, n'kuiyimba yonse mwaliwiro lake lenileni, akuomba m'manja, mapewa akuvina, pomaliza n'kutsinzinira diso limodzi. Za kufunsidwa ngati ndi yoyera sanakumbuke, ndipo Gray yemweyo anamutchula dzina la munthu wina. Gray anaonera kamodzi m'galimoto, n'kufufuta.

Koma ya a Lucia ija sinafufutike. Amalawi a ku Indiana ndi ochepa, ndipo mafoni awo ndi olumikizana ngati mizu ya nsungwi. Mkulu wina wa ku Ohio amene anathawa kuseminale ali mnyamata analemba tanthauzo lonse m'Chichewa, osasiyako kanthu, n'kuwonjezera ndi tsabola wake. Pofika Khirisimasi, Gray akangolowa paphwando, anyamata ankayamba kung'ung'udza kanjira kaja, mofulumira, akukweza mabotolo. Ankamutcha Amonke. Wina anamufunsa kuti pa msewu wa ku Indianapolis uja mazenera ake ndi angati. Anasiya kupita kumapwando. Kenako anasiya kuyankha mafoni.

Sophia ankamutekisita pafoni poyamba, mawu awiri atatu. Ndili bwino. Ndili kuntchito. Ndipatse nthawi. Gray ankadiraiva mpaka ku Beech Grove pa tsiku lake lopuma, kukaimika galimoto kumapeto kwa kamsewu, osatsika, n'kubwerera. Agogo ankamudikira pazenera, akuyenda uku ndi uku, sinowo ikugwa, akuona m'maganizo galimoto itagudubuzika m'ngalande. Akafika sankamufunsa. Ankangomuikira chakudya, iye n'kuchisiya.

Bambo Sosten anabwerera kumudzi osaitanitsa kukhala pansi kwachiwiri. M'nyengo ya Lenti a Lucia anaimba foni, osati kwa Gray koma kwa agogo, monga mwa ulemu wake. Anafunsa za miyendo, za kuzizira, za ana a Belinda. Kenako anati:

"Amayi, mwanayu wayesetsa. Akuti akamva mawu a Gray, ngakhale pafoni, ngakhale akungoti moni, akumva nyimbo ija. Akuti sangakhale m'nyumba imodzi ndi mawu amenewo. Nkhani ija tiitseke."

Agogo anamuuza madzulo omwewo, atabwera kuntchito, asanavule nsapato. Gray anamvetsera, n'kugwedeza mutu, n'kukhala pa sitepe yoyamba nthawi yaitali, makiyi ali m'manja.

Sinowo itayamba kusungunuka anasiya ntchito, n'kulonga zovala m'galimoto. Anati wapeza malo ku North Dakota, kunyumba inanso ya okalamba, kutauni kumene kulibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe. Belinda analira. Agogo anamupatsa sikafu ndi botolo la mafuta opaka, n'kuima panja osavala jekete mpaka galimoto inakhota.

Sophia anakwatiwa chaka chotsatira ndi mnyamata wa ku Ntcheu wokonza makompyuta. Ukwati anadalitsa Bambo Sosten. Gray anamva kwa Belinda pafoni, ali pa shifiti, akudyetsa phala mayi wina wosamva.